Gadiyani wa Atuweni

Kwawo ku Liwonde, Atuweni Mbwana ankadziwika ndi ntchito imodzi yopanda malipiro: kudikirira matenda. Wina akagonekedwa m'chipatala, abale sankachita kukhalirana pansi kuti asankhe gadiyani. Ankangoti, "Kamuitaneni Atu." Anayamba ali namwali wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mayi ake atagona m'wodi miyezi inayi. Kenaka malume, kenaka apongozi, pomaliza mwamuna wake yemwe, amene sanatulukemo ndi moyo. Ankadziwa kugona pa katoni kunsi kwa bedi, kusambitsa munthu wamkulu osamuchititsa manyazi, ndi kumanga kabuku ka kuchipatala pansonga ya chitenje kuti kasasowe. Koposa zonse ankasunga mwambo wa m'wodi: dokotala akafika, wodwala amakhala chete, gadiyani ndiye amafotokoza. Wodwala ali kale ndi ntchito yake, yomva ululu.

Ndiye atamva kuti ku Mangalande ntchito yomweyomweyo amalipira, anaseka mpaka misozi. "Zaka zonsezi ine ndakhala ndikugwira ganyu ya Mulungu!"

Amene anamutsegulira khomo anali Anti Chrissie, nesi wa ku Zomba amene ankapemphera mpingo umodzi ndi malemu mayi ake. Iwowa anabwera kuno ku Mangalande kalekale, ndipo tsopano anali manijala wa nyumba ina yosungira okalamba kunja pang'ono kwa Leicester. Ndi iwo anamupezera malo, ndi iwo anakamuchingamira ku bwalo la ndege, ndi iwonso anamupezera kachipinda ku Braunstone, dera lina la mu Leicester, n'kumuonetsa pokwerera basi. Ana ake awiri Atuweni anawasiya m'manja mwa mng'ono wake, ndipo pa foni ankawauza kuti, "Musadandaule, kuno ndapeza mayi." Chinthu chimodzi chokha ndiye chinali cholimba. Viza yake inamangiriridwa ku nyumba ya okalambayo ngati mbuzi pa chikhomo. Ntchito ikatha, chilolezo chokhalira m'dziko muno chathanso.

Zaka ziwiri anagwira popanda womutola chifukwa. Nkhalamba zovuta, zoluma, zotukwana, zonse ankazipatsa Atuweni, ndipo zinkadya phala m'manja mwake ngati ana. Nkhomaliro ankagawana ndi Dyna, mtsikana wa ku Kasungu amene anafika mwezi umodzi ndi iye. Dyna anali woseka kwambiri, ndiponso mwini makolasi kutchalitchi kwa Amalawi.

Koma tsoka silinunkha. Lachiwiri lina m'mawa, mwezi wa February, makina onyamulira okalamba anali atatha sabata yachitatu ali owonongeka. Lamulo la pantchitopo linali lomveka: munthu wosatha kuima amanyamulidwa ndi makina, antchito ali awiri. Tsikulo antchito anali ochepa, ndipo Anti Chrissie anamupeza Atuweni pakhonde.

"Atu, kadzutse bambo wa m'chipinda nambala 14 uja, umuike pampando."

"Ndekha, Anti?"

"Iwe, kodi ku Liwonde unali ndi makina?"

Onse anaseka, Atuweni n'kulowa. Bamboyo anali chimunthu, wa matupi awiri. Atangomudzutsa, miyendo ya mkuluyo inangoti lobodo. Atuweni sanaganize kawiri, anadziponya pansi kuti mutu wa nkhalamba usamenye simenti. Nkhalamba inagwera pa iye, iye anagwera pa dzanja lake lamanja, ndipo anamva ndi makutu ake kuti khotcho! Pakhomo panali Dyna, thireyi ya tiyi ili m'manja, maso ali tong'o. Anaona zonse. Ndi iyenso anathandiza kukweza bamboyo pabedi, wopanda ndi kabala komwe.

Anti Chrissie anafika akuthamanga. Za ambulansi anakana. "Imachedwa imeneyo, ndikutengera ndekha." M'galimoto anamuyang'ana n'kupukusa mutu. "Yunifomu yako yanyowa, mwana wanga, kuchipatala n'kozizira. Vula, uvale juzi yangayi." Anamuvula pang'onopang'ono kuti asagunde dzanja, kachiphaso ka kuntchito ka m'khosi n'kukaponya m'chikwama chawo. Juziyo inali yofunda, yonunkhira sopo wabwino. Abale inu, Atuweni anathokoza! Anathokoza kawiri. Akuluakulu sanalakwe, pakadafunda padajiwitsa galu.

Kuchipatala, mbali ya odwala mwadzidzidzi imene kuno amangoti ku A&E, kunali anthu ngati pamsika wa Lachisanu. Bambo wina atakulunga thaulo yamagazi kumutu, mayi wina atanyamula mwana wotentha thupi, gogo wina pa njinga ya olumala akuitana munthu amene panalibe. Pakhoma kanema ankalengeza kuti kudikira ndi maola asanu ndi limodzi. Anti Chrissie sanakhale pansi n'komwe. Anakagula tiyi, anamumwetsa ndi manja awo, anapinda mpango wawo kuti dzanja litsamirepo, anapita pawindo kawiri kukakalipa kuti mwana wawo akumva ululu. Atuweni analira, ndipo si dzanja lokha limene linamuliza. Chibadwire, aka kanali koyamba kuti iye akhale wodwala, wina n'kumamudikirira.

Atawaitana m'kachipinda kofunsira, anapeza nesi wachitsikana wovala mpango kumutu, dzina pachifuwa lolembedwa kuti Humera. Nesiyo anafunsa m'Chingerezi kuti wavulala bwanji. Atuweni anachita zimene wodwala amachita: anatembenukira kwa gadiyani.

"Waterereka m'bafa kunyumba kwake m'mawa uno," anayankha Anti Chrissie m'Chingerezi chosalala. "Anandiimbira foni. Ndine azakhali ake."

Musaganize kuti Atuweni sanamve. Chingerezi chake n'chokwana, anamva liwu lililonse. Anti anaika dzanja pabondo pake, nkhope ikumwetulira nesi, n'kulankhula m'Chichewa motsitsa.

"Khala chete, mwana wanga. Ukatchula za kuntchito, abwera a boma kudzayendera, atitsekera nyumba. Tibwerera kwathu tonse, iwe, Dyna, atsikana onse aja. Za iwe ndikonza ine. Ndinakusiyapo liti?"

Nesi anasiya kulemba n'kuyang'ana Atuweni m'maso. "Ndi mmene zinachitikira?"

Atuweni anagwedeza mutu kuvomera.

Mulungu anamupatsanso mwayi wachiwiri, ndipo apa m'pamene ine mtima umandiwawa ndikaganiza. Popita kokajambula mafupa, azakhali aja anawasiya panja. Humera anatseka chitseko n'kunena kuti, "Pano tili awiri. Mkwingwirima uwu wa paphewa si wa munthu wongoterereka. Pali amene anakugwerani kapena kukukankhani? Mutha kundiuza." Mwana wa eni ake, mlendo, anaona choonadi ndi maso. Koma ndani mwa ife angatsutse wamkulu pamaso pa mlendo, wamkulu amene juzi yake uli nayo pathupi? Atuweni anayankha:

"Ayi, ndinagwa m'bafa."

Nesiyo anapuma mozama n'kulemba pa kompyuta zimene wauzidwa.

Mafupa awiri anali atathyoka pamfundo ya dzanja. Anamuika chikhakha, n'kutuluka dzuwa litapendeka. Kalata ya kuchipatala atangoilandira anaipereka kwa Anti, monga momwe kabuku ka wodwala kamakhalira ndi gadiyani. Palibe anachita kumupempha.

Sabata yoyamba Anti anabwera ku Braunstone ndi malalanje ndi nkhuku yophika. Yachiwiri anaimba foni. Yachitatu anatumiza chithunzi cha manja opemphera, kenaka zii. Chikhakha chitachotsedwa, dzanja linatuluka lowonda, zala zokana kufumbata. Kufinya thaulo ankalephera, nanji kudzutsa munthu. Madokotala anati mwina miyezi isanu ndi umodzi, mwina kuposa.

Mwezi wachitatu anamuitanira ku ofesi. Anapeza mwini nyumbayo, bwana amene anali atamuonapo kawiri kokha, ndipo pambali pake Anti Chrissie ndi fayilo pamiyendo. Bwanayo anayamba ndi chipepeso chifukwa cha ngozi imene inamugwera kunyumba kwake. Kenaka anati ntchitoyi imafuna manja awiri, ndipo malo sangawasunge mpaka kalekale.

"Sindinagwe kunyumba," anatero Atuweni. "Ndinagwa m'chipinda nambala 14, ndikunyamula munthu ndekha, makina atawonongeka."

Bwana anakweza nsidze n'kuyang'ana manijala wake. Anti anatsegula fayilo mosafulumira.

"Mayi Mbwana," anatero m'Chingerezi, "kalata ya kuchipatala ndi iyi. M'buku la ngozi za pantchito mulibe kanthu tsiku limenelo. Pandandanda wa shifiti palembedwa kuti simunabwere."

Mayi Mbwana! Munthu amene anamumwetsa tiyi ndi manja ake. Atuweni anayang'ana pepala lija, lopindidwa pakati mmene analipindira iye mwini. Ndiye kuti juzi ija, tiyi uja, kukalipa kuja pawindo, zonse zinali kumulondera kuti asatsegule pakamwa. Anamugwiritsa fuwa lamoto, iye akuthokoza.

Atatuluka anawadikira pakhonde. "Anti, munati mukonza."

"Ndayesetsa, Atu," anayankha akuyang'ana foni. "Nanga unanena wekha ndi pakamwa pako, kawiri konse. Ine ndichite bwanji?"

M'mawa mwake anakwera basi kubwerera kuchipatala kuja, kukapempha kuti afufute bodzalo. Mayi wa pa ofesi anamumvetsera bwinobwino, n'kumuuza mwachifundo kuti zolembedwa tsiku lija sizifufutika. Angathe kungowonjezera pansi kuti wodwala tsopano akunena zina. Ku ofesi yothandiza anthu pa za malamulo anamuuza kuti nkhani yake ili ndi mutu, ndipo itha kupulumutsa ntchito yake kapena kumugulira nthawi, koma pakufunika mboni imodzi yokha imene inaona. Anapita kwa Dyna. Dyna analira, anamukumbatira, anati, "Atu, undipatse nthawi ndiganize." Dyna akuganizabe, ntchito ija inatha, ndipo kalata ya boma inafika: masiku makumi asanu ndi limodzi kuti apeze bwana wina womulemba ntchito, apo ayi anyamuke. Anayenda m'nyumba za okalamba mpaka ku tauni ina ya Loughborough. Aliyense ankayamba wayang'ana dzanja.

Lamulungu lina anapita kutchalitchi, mu holo imene Amalawi amachita lendi ku Braunstone komweko. Itakwana nthawi ya maumboni, amene anaimirira anali Anti Chrissie, atatchena chitenje cha mpingo ndi duku lake. Anasimba mmene Ambuye anawapatsira mphamvu yokhala maola asanu ndi awiri kuchipatala ndi mwana wamasiye, osadya, osakhala pansi, chifukwa kuchilendo kuno m'bale wako ndi Mmalawi mnzako. Amayi analuluta. Abusa anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Mlongo Atuweni, bwerani kutsogolo mudzathokoze mayi wanu."

Koma anthu enanso alibe manyazi! Atuweni anadzuka, anayenda pakati pa mipando, n'kulandira maikolofoni ndi dzanja lamanzere.

"Abusa, mipingo nonse, mundikhululukire. Ine ndinanama. Sindinagwe m'bafa. Ndinagwa kuntchito, ndikunyamula munthu ndekha chifukwa Anti awa anandituma. Anandivula yunifomu m'galimoto, n'kukandinenera bodza kuchipatala, ine n'kuvomera. Lero ntchito yatha, andipatsa masiku oti ndichoke."

Mwa amayi amene anali mu holomo, asanu ndi anayi viza zawo zinali za nyumba yomweyo, ndipo onse anapeza choyang'ana pamiyendo pawo. Anti Chrissie anangopukusa mutu mwachisoni, ngati munthu womvera chifundo wamisala.

Atuweni anatembenukira ku mipando ya kwaya.

"Dyna, mchemwali wanga, iwe unali pakhomo ndi thireyi. Sindikupempha kuti unditukwanire munthu. Ungonena zimene unaona."

Dyna anaimirira pang'onopang'ono, atagwira mpando wa kutsogolo. Anayang'ana Atuweni, anayang'ana Anti Chrissie, kenaka anatseka maso, n'kuyambitsa kolasi.

Anaiyamba mokweza, ndi mawu ake abwino aja, misozi ikutsika m'masaya. Amayi anailandira msangamsanga ngati anthu opulumutsidwa, m'manja muli phuphuphu, wa ng'oma naye n'kulowapo. Mkulu wa mpingo anapita pa makina n'kuzimitsa maikolofoni. Atuweni sanakhale pansi. Anaima pomwepo n'kufotokoza nkhani yonse kachiwiri, kuyambira pa makina owonongeka mpaka pa fayilo, milomo ikuyenda, wakumva palibe. Masiku anali atatsala makumi anayi ndi limodzi.