Magazi a m'Mizu ya Mtedza ku Kaporo

Ndinayambitsa ndine. Wina akakuuzani kuti mphekesera ya magazi ija inachokera kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, akunama. Inatuluka mkamwa mwanga muno, masanasana, nditavala magolovesi a buluu.

Ntchito anandipezera ndi amalume, omwe ndi mlangizi wa zaulimi ku Kaporo. Ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo amayi anali atatopa ndi milandu yanga, makamaka uja wa chule m'chikwama cha mkulu wa kwaya. Kunabwera Madamu Kalinde a ku yunivesite, kudzafufuza mabakiteriya a m'nthaka. Kwawo ndi ku Dedza, Chinkhonde sankamva. Ankafuna munthu wosenza katundu komanso womasulira. Amalume anawauza kuti, "Mnyamatayu, Lusako, mphamvu zake zili pakamwa." Sananame.

Ntchito yake inali ya ukhondo kuposa ya kuchipatala, ngakhale inali ya m'matope. Ndinkaboola nthaka ndi ogala, chitsulo chopota chokhala ndi chogwirira, n'kuthira dothi m'katumba ka pulasitiki. Tisanalowe munda wina, ogalayo ndinkamutsuka ndi sipiliti kuti tizilombo ta munda uno tisasakanikirane ndi ta uko. Mbewu sitinkazula ndi manja, tinkakumba ndi fosholo kuti mizu isaduke. Dothi lomatirira kumizu linkapita m'botolo lakelake. Zonse zinkalowa m'kulabokosi ya ayisi, chifukwa kutentha kwa ku Karonga kukanasintha zonse tisanafike pamsewu.

Madamu ankati m'dothi lodzaza supuni muli mitundu ya mabakiteriya yosawerengeka, uliwonse ndi ntchito yake. Ena amakola nayitirojeni mumpweya n'kupatsa mbewu. Ena amamusandutsa kuti mizu ithe kumwa. Ena, makamaka m'madzi oima a m'minda ya mpunga, amamubwezera kumwamba, feteleza wa mlimi n'kuuluka. Okola aja amakhala m'timibulu tomera pamizu ya mtedza, khobwe ndi nandolo. Ukadula kambulu ndi lezala n'kupeza mkati mofiira, ndiye kuti eni ake ali pantchito. Mukakhala moyera kapena mobiriwira, palibe chikuchitika.

Kufiira kumeneko n'kumene kunandiyesa.

Tsikulo amalume anapita kumaliro ku Iponga. Galimoto tinaisiya kumsewu chifukwa cha matope, n'kuyenda pansi mtunda ndithu podutsa m'minda ya mpunga mpaka kukamunda ka mtedza ka a Mwangolera, omwe anali atatiloleza kale kudzera mwa amalume. Ndikudula timibulu, kunadutsa Tusekile, mtsikana amene tinkaphunzira naye, atasenza nthochi.

"Iwe Lusako, sukulu yonse ija kuti ukhale dokotala wa matope?" anatero m'Chinkhonde.

Ndinamukodola. Ndinafinyira kambulu pagolovesi, panatsala kadontho kofiirira. Ndinatsitsa mawu. "Ukuona? Magazi a anthu amene amalima muno awa. Amatsikira m'nthaka. Madamuwa akutolera, nyumba iliyonse botolo lake. Mawa tikubwera kwanu."

Nthochi zinagwa. Anathawa osacheuka, ine n'kuseka mpaka kukhala pansi. Madamu anafunsa chomwe chachitika, ndinati mtsikanayo amaopa nyongolotsi.

Sipanapite nthawi, ndinamva likhweru. Lina linayankha cha kumtsinje. Nditadzutsa mutu ndinaona anthu akubwera mondondozana pamizere ya pakati pa mpunga, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Azibambo anali ndi makasu ndi zikwanje, anyamata miyala m'manja. Apa ndi pamene ndinakumbukira zimene ndinayenera kukumbukira ndisanatsegule pakamwa: kuti nkhani za anamapopa, opopa magazi, anthu saseka nazo, ndipo alendo amene anaganiziridwapo kwina sanabwerere onse kwawo.

Madamu anaimirira akumwetulira. "Mwaghona!" anatero, moni yekhayo amene ndinawaphunzitsa.

Choopsa chinali chakuti ine ndekha ndi amene ndinkamva zonse. Wina anati ayambe ndi bokosi. Wina anati ayi, ayambe ndi mwini wake. Mnyamata wina wa njinga yamoto anati petulo ali naye.

"Akuti chiyani?" anafunsa Madamu.

"Akuti... mwabwera bwino."

Mwala unagunda kulabokosi, phu! Madamu anandigwira pamkono mpaka zikhadabo kulowa. "Lusako, ndili ndi mwana woyamwa kunyumba. Undiuze zoona."

Ndinawauza zonse mofulumira. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandiopsa koposa. Anangonena kuti, "Auze adzule mtedza okha, adule okha ndi mpeni wawo. Usawonjezere kanthu. Ndakupempha."

A Mwangolera anali atafika kutsogolo, chikwanje chili m'manja, maso ofiira ndi manyazi poti ndi iwo anatilowetsa m'munda. Ndinakweza manja n'kufuula m'Chinkhonde kuti ndanama ndine, kuti panalibe magazi, ndinkangofuna kuopseza Tusekile.

"Akubisa bwana wake!" wina anakuwa.

Koma mayi wina anandiyang'anitsitsa. "Uyu si mwana uja anaika chule m'chikwama cha a kwaya?" Ochepa anang'ung'udza movomera. Sindinanyadirepo mbiri yanga ngati nthawi imeneyo.

A Mwangolera anapita kumapeto kwa munda kumene sitinapondeko, n'kuzula mtedza. Anang'amba kambulu ndi nsonga ya chikwanje. Mofiira. Mnyamata wina anathamangira kumunda wa kwawo, n'kubwera ndi khobwe. Mofiiranso. Ine ndinkayesa kuti tapulumuka, koma zinafika poipa. "Ndiye kuti minda yonse aithera kale!" anatero bambo wina, gulu lonse n'kusendera pafupi. Ndinkamva fungo la thukuta lawo. Madamu anali atakhala pa kulabokosi, maso otseka, akupemphera chapansipansi.

Sindikudziwa kuti nzeruyo inachokera kuti. Ndinalanda mizu m'manja mwa a Mwangolera, ndinapulula timibulu todzaza dzanja, n'kuponya mkamwa. Ndinatafuna pamaso pawo. Zimakoma ngati nyemba zosaphika zothira mchenga. Ndinameza, n'kutulutsa lilime.

"Mundawu ndi wanu, tata. Ngati ndi magazi a banja lanu, ndigwe pompano."

Anthu ankadikira kuti ndigwe, ndipo kunena zoona inenso ndinkadikira. Ndinageya. Mwana wina anaseka, amayi ake n'kumumenya kambama, koma nawonso anali akuseka kale. Mayi uja wa nkhani ya chule anang'amba kambulu ndi chikhadabo, kununkhiza, n'kunena kuti iye wakhala akuona zimenezi pokolola kuyambira ali mtsikana, kungoti sankazisamala. Miyala inayamba kugwera m'madzi umodziumodzi.

A Mwangolera sanaseke. Anati dothi lawo libwerere m'munda mwawo. Madamu anatsegula kulabokosi, n'kukhuthula matumba ndi mabotolo onse, ngakhale a minda ina ya m'mawa uja, kuti aliyense aone kuti ndi dothi ndi mizu basi. Ntchito ya tsiku lonse inathera pansi. Kenako anandinong'oneza kuti, "Tiyende. Usathamange." Ulendo wobwerera kumsewu ndinauyenda msana ukuyabwa, ndikudikira mwala umene sunabwere. M'galimoto Madamu anatseka chitseko n'kulira. Pamenepo pokha sindinapeze choseketsa.

Chimene ndinatolapo n'chakuti womasulira amanyamula moyo wa mnzake mkamwa. Munthu amene samva chinenero amaima pakati pa anthu ngati wakhungu, akudalira iweyo. Amene mukufuna ntchito imeneyi, tsukani ogala, sungani ayisi, koma choyamba muitane eni munda adule okha kambulu musanatsegule bokosi lililonse. Madamu anayamba kuchita zimenezo munda uliwonse kuchokera tsiku limenelo.

Sanandichotse ntchito, poti panalibe wina wodziwa kale kagwiridwe kake. Chilango anagamula ndi amalume pamodzi ndi a Mwangolera: sabata yathunthu ndikaweruka, ndizikapalira mpunga wawo, m'madzi ofika m'mawondo. Misundu inandipeza tsiku loyamba lomwe. Ndinauza a Mwangolera kuti anamapopa enieni ndawapeza, ali m'munda mwawo momwemo, ndipo sanapemphe chilolezo kwa mlangizi. Anayesetsa kuti asaseke. Akazi awo ankandipatsa mpunga wa kilombero ndi chambiko, mkaka wosasa, madzulo aliwonse, moti sabatayo ndinanenepa.

Tsiku lomaliza amalume anabwera kudzandiona ndili m'matope, manja ali kumbuyo ngati woweruza.

"Waphunzira?"

"Kwambiri, amalume."

"Udzachitanso?"

"Za magazi, ayi."

"Nanga zina?"

Ndinachotsa msundu pamwendo, n'kuuponya kutali. "Zinazo tidzaona."