Mawu a Besi

Pantchito ankangowatchula kuti a Besi, chifukwa akayamba kuyimba ndi mawu awo aakulu a besi ali pamwamba pa makwerero, ngakhale osakaniza matope ankaimitsa fosholo. Ntchito yawo inali ija amisiri amainyoza. Omanga akamaliza, iwo ankafika ndi burashi ndi chigubu cha asidi kudzachotsa simenti youmira pa njerwa. Ankayamba anyowetsa khoma, kuthira asidi m'ndowa ya madzi, n'kumakwecha thovu likuwira. Nyumba ikawala, anthu ankatama womanga.

Panja mphepo inkawathandiza pouluza mpweya wa asidi. Chinawapweteka ndi kanjira ka m'kati mwa nyumba ina yosanja, kopanda zenera, komwe kapitawo ankafuna kathe tsiku lomwelo. Atapempha chotchinga kumphuno, kapitawo anaseka.

"Madala, uzunguwu mwauyamba liti? Mangani kansalu."

Anamangadi kansalu. Akanatani, ana akudikira kunyumba? Pofika madzulo kukhosi kunali ngati ameza khala lamoto. M'mawa mwake mawu anali atasasa, ndipo mawuwo sanabwererenso mwakale. Kapitawo anati ndi chimfine, n'kulemba munthu wina.

Chinkawawawa kwambiri chinali chimodzi. Mwana wawo wachisamba, wamkazi, anali pafupi kukwatiwa, ndipo kuyambira ali kakhanda ankamuuza kuti pa ukwati wake adzamuyimbira okha. Anamwa uchi, anamwa madzi ofunda, sanajombe kokonzekera nyimbo za kwaya. Mkulu wa kwaya, yemwe iwo anamuphunzitsa kuyimba, anawakokera pambali mwaulemu wonse.

"Bambo, inu muziima kumbuyo, muzingoyendetsa milomo."

Anabwerera kunyumba mtima ukuwawa, koma sanataye chiyembekezo. Mwana ndi mwana, sangakane mawu a bambo ake ngakhale atasasa.

Ukwati utayandikira, mtsikanayo anafika n'kukhala pambali pawo pakhonde. A Besi anakonza kukhosi mwakachetechete.

"Ababa, za nyimbo ija musadandaule, ayimba alamu anga," anatero. "Koma pali vuto. Khoma la kuseri kwa holo, pomwe tikajambulitsire zithunzi, lachita mawangamawanga oyera. Palibe amene amatsuka ngati inu. Simungakatikonzere?"

A Besi anayang'ana manja awo osupuka.

"Ndikatsuka, mayi," anayankha.

Mtsikanayo anasendeza khutu pafupi ndi pakamwa pawo.

"Mwati bwanji, ababa?"

Anangogwedeza mutu kuvomera.