Chithunzi Chotsiriza cha Bambo Laimoni

Bambo Laimoni anabadwira ku Midzemba, ndipo ali mwana ankakwapulidwa chifukwa chojambula ndi makala pazipupa za eni. Atakula, dzanja lomwelo linkawadyetsa. Zikwangwani za maokala a pa Lisungwi ndi mayina a paminibasi ankalemba ndi iwo. Koma Loweruka ankalipereka kwa Mulungu. Analonjeza kujambula ulere zithunzi za Njira ya Mtanda m'tchalitchi chathu, penti akugula okha.

Patatsala chithunzi chimodzi, cha Yesu akuikidwa m'manda, anadzuka m'mawa wina n'kufunsa akazi awo, mayi Enelesi, kuti bwanji kunja sikukucha. Dzuwa linali litakwera kale. Maso awo anali atachita khungu. Kuchipatala anayesetsa, koma zinakanika.

Kunena zoona abale, munthu uja anatsekeredwa. Amene ankapalasa njinga mpaka kuboma, dziko lawo linathera pakhonde. Ngakhale kuchimbudzi ankapita atagwira chingwe. Kutchalitchi anasiya, osati pokwiyira Mulungu ayi, koma msomali wopanda chithunzi uja unkawabaya mumtima. Lenti ikafika, tinkagwada moyang'ana khoma lopanda kanthu.

"Tipeze wina amalize," anatero akatekisiti.

"Analonjeza ndine," anayankha motsitsa.

Tsiku lina mayi Enelesi, amene ankaumba miphika, anawaikira dongo pamiyendo. "Kodi zala nazonso zachita khungu?"

"Mwamuna n'kumaumba? Anthu andiseka."

"Aseke. Muwaona ngati?"

Bambo Laimoni anaseka, koyamba chichitikire ngoziyo. Anthu anawanenadi, poti kwathu kuno dongo ndi la amayi. Zoumba zoyamba zinaphulika pamoto, iwo n'kuyambiranso, kolona ili m'khosi. Ankati, "Manda ndikuwadziwa tsopano, ndimakhala momwemo."

Chithunzi chadongo chimene chinapsa bwino sichinali chokongola ngati zinzake. Chinali chofiirira, phewa la Ambuye lopendekeka. Lachisanu Loyera mayi Enelesi anawagwira dzanja mpaka pakhoma paja, ndipo bambo Laimoni anapapasa msomali n'kupachika okha. Ambiri tinalira.

Maso sanabwerere. Anakhala pakhonde pomwepo mpaka ukalamba, osadandaula. Anamwalira mwamtendere chaka chatha atalandira sakramenti la odwala, ndipo mawu awo omaliza anali akuti, "Amayi, kwacha."

Zithunzi zinazo timangoziona podutsa. Chotsirizachi aliyense amachigwira, moti nkhope ya Yesu yasalala ndi zala zathu. Mzimu wawo uuse mumtendere.