Mamendulo Otsuka ndi Ndimu

Lero ndimadula ndimu kukhitchini, fungo lake n'kundibwezera ku Chikanda, pakhonde la agogo anga aamuna. Anali msilikali wakale, ndipo ine ndi amene ndinkawatsukira mamendulo ndi ndimu ndi phulusa mpaka zala kuwawa.

Chaka china miyendo inali itawatha. Amayi anawaletsa kupita kumwambo wokumbukira asilikali.

"Bambo, mukakagwa pamaso pa anthu tidzati chiyani?"

"Nanga anzanga anatsala kunkhondo aja akawaimirira ndani?" anatero agogo, akumanga mabatani a jekete.

Tinakwera kabaza mpaka pachipilala cha chikumbutso chomwe chili pafupi ndi kwa asilikali. Dzuwa linkaswa mtengo. Msilikali wina wachinyamata anabwera ndi mpando, koma agogo anapukusa mutu. Anandipatsa ndodo yawo, n'kutsamira paphewa panga. Dzanja lawo linkalemera ngati thumba la chimanga.

Lipenga litalira, anthu onse anangoti zii. Agogo anandinong'oneza ndi dzina lomwe ankandisereula nalo: "Akazi anga, tasunthani pang'ono."

Ndinasuntha, mtima uli m'mwamba, manja nditatchera kuti ndiwawakhe. Sanagwe. Anaima okha njo, chibwano m'mwamba, n'kupereka sawatcha. Thukuta linkatsika m'khosi, mamendulo anga aja akung'anima pachifuwa.

Mayi wina kumbuyo kwanga anafunsa mnzake chapansipansi: "Kodi madalawa ndi a ndani?"

Ndinatembenuka, ndodo ili m'manja.

"Ndi anga."