Achangu ndi Ndodo Yachitsulo

Atelala amene amasokera ana a pasukulu pathu mayunifolomu sadziwa kukhala phee. Ngakhale makina ataima, phazi lawo limangopalasabe pansi. Ana anawapatsa dzina loti Achangu, ndipo iwo amavomera.

Chaka chatha amuna awo, amene ankayendetsa lole, anafa ziwalo mbali yakumanja. Ndi bambo athupi, moti kuwachotsa pabedi kuwakhazika panjinga ya olumala inali nkhondo. Tsiku lina onse awiri anagwera pakati pa bedi ndi khoma. Achimwene a bambowo atamva anabwera.

"Alamu, mudzandiphera m'bale wanga," anatero. "Ndibweranso kutha kwa mwezi wamawa. Mukadzalephera kumunyamula, ndidzamutenga azikakhala kwathu."

Kuseri kwa msika kuli chipinda chimene wowotcherera wina anaikamo zitsulo zonyamula. Anthu amangomuti Kochi. Achangu anaganiza zokalimbitsa thupi kumeneko, koma anapeza maola awiri okha pasabata, Lachiwiri ndi Lachisanu masana, pamene mng'ono wawo ankabwera kudzakhala ndi wodwala.

Tsiku loyamba Kochi anawapatsa ndodo yachitsulo yopanda kanthu.

"Yokhayi? Kochi, abambo akunyumba si nsungwi ayi."

"Mayi, inu mumadula nsalu musanayeze? Mapazi motalikirana. Msana woongoka. Tsikani ngati mukukhala pampando."

Ananyamula kasanu, n'kupuma, kasanu, n'kupuma. Kupumako ndiye kunkawasowetsa mtendere. Ankazungulira chipinda chonse, kusuzumira pakhomo, kuthothola ulusi pamalaya a Kochi. Sabata iliyonse Kochi ankawonjezera timbale tiwiri tachitsulo, tating'ono ngati zivundikiro za mapoto, ndipo Achangu ankatiyang'ana monyansidwa. Komabe pofika sabata yachisanu anali atayamba kudzutsa amuna awo osadzandira.

Kenaka sukulu zinayandikira kutsegulira. Makolo anadzaza pakhonde, ndipo Lachiwiri linawadutsa ali pamakina. Ntchito ikaunjikana, telala amasoka za masiku awiri tsiku limodzi, ndipo Achangu anaganiza kuti thupi nalonso limatero. Lachisanu, Kochi atatuluka kukawotcherera geti, iwo anamaliza za tsikulo, n'kuwonjezera mbale, n'kuyamba za Lachiwiri lija osapuma. Pakachitatu msana unagwira.

"Mayi inu! Nyama si nsalu!" anakuwa Kochi atawapeza atatsamira khoma. "Imakula mukamapuma. Masabata awiri osanyamula kanthu, ngakhale ndowa."

Lamlungu lake alamu aja anafika ndi galimoto. Anapeza Achangu akuyenda chogwira m'chiuno, ndipo sanafunse zambiri. Anavula jekete, nawerama pabedi miyendo ili chiwongokere, nakoka mng'ono wawo m'khwapa. Wodwalayo sanasunthe n'komwe.

"Achimwene, mukundinyamula kapena mukunditekenya?" anatero mwachibwibwi.

Alamuwo anakokanso, thukuta lili kamukamu. Achangu analephera kupirira.

"Alamu, muthyoka! Senderani pafupi. Mapazi motalikirana, pindani mawondo. Abambo, gwirani khosi lawo ndi dzanja labwinolo, mupondenso ndi mwendo wakumanzere. Tiyeni!"

Bambo aja anadzuka nakhala panjinga bwinobwino. Alamuwo anadzigwetsa pabedi ali wefuwefu.

"Ndiye inu mumachita zimenezi nokha?"

"Kanayi patsiku. Kwanu adzanyamula ndani inu mukapita kuntchito?"

Alamu anapukuta thukuta, kenaka anafunsa:

"Msanawo upola liti?"

"Akuti masabata awiri."

"Ndizibwera m'mawa ndi madzulo mpaka mupole. Koma muzindiuza poponda."

Wodwala sanakwere galimoto tsiku limenelo. Achangu anapita kukatereka madzi a tiyi, akudandaula kuti masabata awiri ndi ambiri, mwina Kochi akampempha bwino achepetsako.