Mmene Ndinayambiranso Kukwera Shapa

Shapa, kapena kuti minibasi, imene ndinakwera tsiku limenelo, yochokera ku Ulongwe kupita kumalire ku Kalomwe, inaphulika tayala pamtsetse n'kugubuduzika kawiri. Ine ndinangosupuka pachigongono. Mayi amene anakhala pambali panga, yemwe tinkagawana chimanga chootcha, anafera pomwepo atagwira chitenje changa.

Kuyambira pamenepo galimoto sindinkafuna n'kuiona komwe. Ndikangomva kobradoro, kondakitala wa shapa, akuitanira anthu, mtima unkagunda ngati ukufuna kutulukira pakhosi, manja ali thukuta lokhalokha. Ntchito yanga ndi yogulitsa mbatata ya kachewere kumalire, koma matumba anayamba kumera m'nyumba. Pansi sindinkakhala. Ndinkasesa pabwalo posesa kale, kupita kudimba, kubwerako chimanjamanja, kupitanso.

Amuna anga anatopa nazo. “Amayi a ana, pitani kuchipatala. Mwina magazi akuthamanga.”

Ndinapita wapansi. Enifermera, namwino wa pamenepo, atandiyeza anati thupi lili bwino, n'kundilozera chipinda chakumapeto kumene kunali pisikologa, dotolo wa maganizo. Ndinapezako mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, ndi mipando iwiri basi.

“Ndibayeni jakisoni, adotolo, ndizipita,” ndinatero ndili chiimire.

“Jakisoni ndilibe, amayi. Ngati kukhala kukuvuta, tiyeni tiziyenda tikulankhula.”

Tinazungulira mtengo wa bulugama kuseri kwa chipatala mpaka ndinamaliza nkhani yonse, ndi ya chitenje yomwe, imene ndinali ndisanauzepo munthu. Sanandidule mawu. Kenaka anandiphunzitsa kupuma: kukoka mpweya pang'onopang'ono mpaka mimba itukuke, kuusunga pang'ono, n'kuutulutsa ngati ndikuuzira phala la mwana.

Lachinayi lotsatira anajambula makwerero papepala. Pansi penipeni analemba kuima patali n'kumayang'ana mashapa. Pamwamba pake kuigwira shapa, kenaka kukhalamo itaima. Kunsonga analemba Kalomwe.

“Mantha akabwera musathawe,” anatero. “Khalani pomwepo mpaka atsike okha. Mukathawa adakali pamwamba, mawa amabwera atakula.”

Ndinaona ngati zamasewera, koma ndinapita. Ndinkaima pafupi ndi msika ngati ndikudikira mlendo, mapazi akufuna kuthamanga, ine ndikupuma. Makobradoro anandizolowera. Wina wachikulire, nditamufotokozera, ankandilola kukhala m'shapa yake anthu asanadzaze. Tsiku loyamba ndinakhalamo chitseko chili chotsegula, mwendo umodzi uli kunja.

Mlungu wachisanu ndinadzinyenga kuti ndachira. Ndinadumpha makwerero awiri n'kukwera yopita kumalire. Titangodutsa nyumba zomalizira za m'tauni, galimoto inagwa m'dzenje n'kupendekeka pang'ono. Ndinakuwa, ndikumenya denga, mpaka woyendetsa anaima. Ndinatsika anthu akung'ung'udza, ndipo ndinabwerera wapansi ndikulira.

Ndinajomba Lachinayi kawiri chifukwa cha manyazi. Nditapitanso, mtsikana uja sanandikalipire. Anangofunsa kuti, “Pamene inapendekeka, m'mutu munabwera chiyani?”

“Kuti tsopano ndi nthawi yanga. Paja amene ankayenera kufa ndine. Mpando wa pazenera unali wanga, ndinachita kumupatsa mayi uja.”

“Munamupatsiranji?”

“Ankamva mseru.”

“Mukanadziwa za tayala, mukanamupatsa?”

Ndinakhala pansi pampando.

Tinayambiranso pamene ndinadumpha paja. Ulendo woyamba unali wochoka pamsika kukatsikira patchalitchi. Wachiwiri unafika pamlatho. Mvula yoyamba itagwa ndinakafika ku Kalomwe ndi matumba awiri, amuna anga ali pambali panga. Pamtsetse paja ndinatseka maso, kenaka ndinawatsegula dala. Panali udzu, ndi mbuzi zikudya.

Lero ndimapita ndekha kawiri pamlungu. Galimoto ikathamanga kwambiri manja amachitabe thukuta, ndipo ndimamuuza woyendetsa mosanyengerera kuti achepetse. Ena amandiseka. Ena, makamaka azimayi, amandithandiza kukalipa.