Mbale Zitatu za Ngalande

A Bassou anakhala pa kasupe wa mudzi wathu zaka makumi anayi, ndipo ntchito yawo yonse inali kuyang'ana mbale ikumira. Mbaleyo ndi yamkuwa, ili ndi kabowo pansi. Ankaiika pamwamba pa madzi m'ndowa, madzi n'kumalowa pang'onopang'ono mpaka imire. Ikamira, ankamanga mfundo imodzi pa tsamba la kanjedza, n'kuivuula, n'kuyambanso. Munthu wa mbale zisanu ankathirira munda wake mpaka mfundo zikwane zisanu, kenako a Bassou ankakuwa dzina la wotsatira, dzinalo n'kumapatsirana minda yonse mpaka lifike kwa mwini wake. Madzi kuno tinkagawana choncho kuyambira kale.

Sanali munthu wocheza. Ukawapatsa moni mbale ili pafupi kumira ankangokweza chala, iwe n'kuima ngati wolakwa. Tiyi ankamwa atazizira. Maliro a mchimwene wawo anafikako anthu akuchokera kumanda, chifukwa panalibe wowasiyira ndowa. Malipiro awo anali dengu la zipatso za kanjedza kuchokera kubanja lililonse pa nthawi yokolola, ndipo mabanja ena ankawasankhira zofota. Munda wawo unali wotsiriza pa ngalande ya kumunsi, kumene mudzi umathera ndi kuyamba miyala. Munali mitengo ya kanjedza khumi ndi isanu, ndipo wothirira anali akazi awo, a Ittou, popeza mwamuna anali womangika pa kasupe.

Zaka zinawadya. Mawondo anauma chifukwa chokhala pamwala, maso anachita nkhungu, mwakuti anayamba kumva ndi khutu kuti mbale yagunda pansi pa ndowa. Atauza akuluakulu a mudzi kuti atopa, panasowa wolowa m'malo. Anyamata onse ali kumatauni, ndipo otsalawo sangakhale tsiku lonse akuyang'ana ndowa. Akuluakulu anagwirizana kuti mbale ipume, aliyense azidziyang'anira nthawi yake pa wotchi. Chofunika chinali munthu woti asinthe mbale zikhale mphindi, ndiye maso onse anagwera ine.

Ine ndine Mbarek. Ndaphunzitsa masamu zaka makumi atatu, kukakamiza ana kuti kilogalamu ili ndi magalamu chikwi, iwo n'kuiwala chaka chisanathe. Ntchitoyo inanditopetsa mpaka m'mafupa. Kunena zoona ndinakondwa kuti mudzi wandifuna, ndipo ndinapita ku kasupe mapewa ali m'mwamba.

Ndinayesa mbale ija kakhumi ndi wotchi m'manja. Kuiika, kumira ndi kuivuula zinkatenga mphindi zisanu ndi ziwiri ndi theka. Ola limodzi ndi mbale zisanu ndi zitatu, ndipo maola khumi ndi awiri amene mudzi wathu umakhala ndi madzi ndi mbale 96. Ndinalemba magawo a mabanja onse, tsiku ndi tsiku. Masiku ena onse anakwana 96 ndendende. Lachinayi lokha, tsiku la ngalande ya kumunsi, magawo a mabanja khumi ndi asanu anathera pa 93. Ndinawerenga katatu, koma mbale zitatu zinalibe mwini.

Nditawafunsa a Bassou, anayankha osandiyang'ana.

"N'za ngalande zimenezo, aphunzitsi. Nayonso imamwa."

Ndinaseka. Ndinaganiza kuti ndi zokamba za okalamba, ndipo sindinafunse kawiri. Chikhala kuti ndinakhala pansi pamwala uja kwa mphindi ziwiri zokha, bwenzi atandifotokozera. Koma ndinali ndi pepala m'manja, ndipo munthu wa pepala amafulumira.

Lachisanu titatuluka mumzikiti ndinawerengera anthu zimene ndinapeza. Nditafika pa mbale zitatu zija, a Haddou anadzuka. A Haddou ali ndi munda waukulu kumtunda, ndipo alinso ndi pakamwa.

"Tatiuzani, aphunzitsi, zitatuzo zimagwa nthawi yanji?"

Ndinati zimagwa kumapeto, banja lotsiriza lisanayambe kuthirira.

"Nanga lotsirizalo ndi la yani? Basitu. N'chifukwa chake kanjedza wa akulu awa amanona ngati wa kwa mfumu. Ife timati ndi madalitso, eti ndi mbale zathu."

Anthu anaseka, ena mwamanyazi, ena ndi mtima wonse. A Bassou anali atakhala potsamira khoma, ndodo ili pakati pa miyendo. Akuluakulu, pofuna kuti nkhani ithe bwino, anati zakale zikhale zakale, ndipo mbale zitatuzo zigawidwe mofanana kwa mabanja onse a Lachinayi. Anandiuza ndiwerenge pomwepo. Mbale zitatu ndi mphindi 22 ndi theka, kugawira mabanja khumi ndi asanu, aliyense analandira mphindi imodzi ndi theka. Ndinawerenga msanga, anthu n'kundiyamikira.

Lachinayi lotsatira ndinatsika kumunsi kukaona mmene wotchi ikugwirira ntchito. Nthawi ya a Bassou itakwana, woyandikana nawo anatseka munda wake n'kulozetsa madzi kunjira yawo. Ndinawatsatira madziwo ndi mapazi. Kuchoka pamenepo kukafika kwa a Bassou ndi mtunda, ngalande yake ndi yadothi, ndipo imakhala itauma mlungu wonse. Madzi ankayenda mokwawa, kudzaza mng'alu uliwonse asanapitirire. Ndinayang'ana wotchi pamene anafika pa mtengo woyamba, n'kupeza kuti papita mphindi makumi awiri ndi ziwiri ndi kanthu.

Mbale zitatu zija sizinalowepo m'munda wa munthu aliyense. A Bassou, monga ankachitira amene anawasiyira ntchitoyo, ankazisiya zimire osamanga mfundo, kudikira kuti madzi afike. Tsopano ngalande inkamwera m'gawo lawo. A Ittou anathamanga ndi khasu kuchoka pa mtengo uwu kupita pa uwo, koma madzi anaduka asanafike n'komwe ku mzere wotsiriza. Anandiyang'ana kamodzi, n'kupitiriza kukokera matope.

Ndinapita kwa akuluakulu mmodzimmodzi. Onse anamvetsa, ndipo onse anandiuza kuti ndikayambe ndi ena. Wina anati mphindi imodzi ndi theka ndi yochepa, singapulumutse munda wa munthu. Wina anati anaigwiritsa kale ntchito, anadzala anyezi. A Haddou anandifunsa kuti tsiku lija ndinanama kapena ndikunama lero, popeza masamu sasintha. Ndinakwiya kwambiri, koma pepala limene ankandikupizira kumaso linali lolemba ine. Madzi akatayika saoleka.

Ndinapempha a Bassou kuti adzalankhule okha pamsonkhano, chifukwa palibe wodziwa ngalande kuposa iwo. Anakana. Anati akangotsegula pakamwa kupempha mbale zitatu, anthu adzati zija ananena a Haddou n'zoona, ndipo zaka makumi anayi zonse zidzasanduka zaka za kuba. Anati atopa, ndipo mphamvu zoti n'kukangana ndi mudzi alibenso.

Chaka chimenecho kasupe anachepa, monga achitira chaka chilichonse masiku ano. A Ittou anayesa kupatsa mtengo uliwonse theka la madzi, koma zipatso zinayoyoka zisanapse pa mitengo yonse. Miyezi yotentha itayandikiranso, a Bassou anatumiza mawu kuti ndipite kumunda kwawo. Ndinawapeza atakhala pamphepete pa ngalande youma. Anandipatsa malo pambali pawo.

"Aphunzitsi, inu mumadziwa kusintha zinthu. Mbale zanga zisanu ndi imodzi munati ndi mphindi zingati?"

"Makumi anayi ndi zisanu. Kuwonjezapo imodzi ndi theka ija."

"Ngalande ikamwapo, zitsala zingati?"

"Makumi awiri ndi zinayi."

"Mtengo umodzi kuti ukhute umafuna mphindi zitatu. Tsono mundisinthire zimenezo zikhale mitengo."

Ndinadziwa yankho asanamalize kufunsa, koma ndinayamba ndayang'ana kaye mitengo ija. Anadikira, monga ankadikirira pa ndowa paja. Ndinati isanu ndi itatu. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti nawonso anapeza chimodzimodzi, koma amafuna amve kwa munthu wophunzira.

Kenako anatulutsa nsanza zofiira m'thumba la mkanjo wawo, zong'ambidwa kale bwinobwino, zisanu ndi ziwiri. Anati a Ittou akana kuchita nawo zimenezi, chifukwa mitengo ina anadzala ndi manja awo ali mtsikana, ndipo iwo eni a Bassou maso saonanso kuti wamphamvu ndi uti, wofooka ndi uti. Sanalankhule mondikalipira, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

"Yendani nawo mzerewu, mumange pa imene tiisiye kuti iume. Musafulumire ayi, muyang'ane bwino."

Ndinaimirira ndi nsanza zija m'manja, n'kuyamba kuyenda pansi pa mitengo, ndikuyang'ana m'mwamba. Yonse khumi ndi isanu inali yobiriwira.